Kalata ya Maliro Inafafaniza Mawu a Bambo Anga

Inu owerenga, ndikulemba izi mwamanyazi, pakuti chimene ndinataya sichinabedwe ndi munthu. Ndinachitaya ndekha ndi chala chimodzi, masanasana, ndipo makina anayamba andifunsa ngati ndikufunadi kutero. Ine ndinavomera.

Kwathu ndi ku Neno, kufupi ndi Ligowe, ndipo ndine wophunzira pa koleji ina mu mzinda wa Blantyre. Bambo anga anagwira ntchito zaka zambiri m'migodi ya ku Joni, kumene anabwerako ndi chifuwa chosamva mankhwala. Anali munthu wosayankhulayankhula. Ndinakula ndikudziwa phazi lawo ndi kutsokomola kwawo kuposa maganizo awo. Koma pa tchuthi cha chaka chatha, matenda atakula, anandiitana pakhonde pamene ankagona pamphasa, nandiuza kuti nditenge kope ndi cholembera.

Kwa masabata awiri anayankhula ine ndikulemba. Anafotokoza za ubwana wawo ku Magaleta, za ulendo wa ku migodi, za anzawo amene anatsala pansi pa nthaka ya eni. Ananenanso za tsiku limene anamenyedwa pa msika chifukwa chosowa khadi la chipani m'thumba, natchula ndi mayina omwe a anthu amene anawamenya. Pomaliza, mayi atapita kumunda, anayankhula za iwo tsiku lathunthu: mmene anawaonera koyamba akuthyola manachesi, ndi zimene ankalakalaka kuwauza zaka zonse za ukwati wawo.

"Izi udzawawerengere ine nditapita," anatero. "Akakhala pafupi amako, pakamwa panga pamalemera."

Pa tchuthi chomwecho ndinapeza kaganyu kotayipa pa ofesi ya bungwe lina lothandiza anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Pamenepo panali kompyuta yoyendera jenereta, ndipo woyang'anira anali Mayi Gondwe, mlembi wochokera kumpoto. Iwo anandilola kutayipa zanga ntchito ikachepa. Ndinagula disiketi yangayanga, n'kuyamba kusamutsira mawu a bambo m'menemo.

Ndiloleni ndifotokoze mmene makinawo amasungira zolemba, chifukwa msampha unali pamenepo. Munthu akafuna kusunga, pagalasi pamatuluka kabokosi kofunsa dzina la fayilo. Dzinalo lisapitirire zilembo zisanu ndi zitatu. Kabokosiko sikaonetsa mayina a mafayilo amene ali kale m'disiketi; kamangodikira, kopanda kanthu. Ine ndinalemba kuti BAMBO. Tsiku lililonse ndikawonjezera masamba n'kusunga, makina ankafunsa m'Chingerezi ngati ndikufuna kuti zatsopano zilowe m'malo mwa zakale, ndipo ndinkadina Y kuvomera. Kumeneko kunali kukhoza, popeza zatsopanozo zinali ndi zakale zonse m'kati mwake. Ndinadina Y kambirimbiri mpaka chala chinasiya kudikira maso.

Nditamaliza, ndinaotcha kope lija. Mukudziwa nonse kuti masiku ano pepala lokhala ndi mayina ena likapezeka m'nyumba, munthu amakayankha kumene sabwerako msanga. Pa chifukwa chomwecho sindinasindikize tsamba ngakhale limodzi. Ndinkadzitama mumtima kuti ndabisa mawu a bambo pamalo pamene palibe munthu wa m'mudzi angawerenge. Kugula disiketi yachiwiri sindinakuganize n'komwe.

Bambo anamwalira miyezi itatu itadutsa. Maliro atatha, malume anandituma kuti ndilembe kalata yodziwitsa abale a bambo amene ali ku Zimbabwe. Ndinafuna kuti ikhale yotayipa, yolemekezeka. Ndinafika pa ofesi ija dzuwa litakwera, ndi disiketi yanga m'thumba la shati. Mayi Gondwe anandipepesa, nandipatsa mpando. Kalatayo inali ya mizere khumi yokha, koma inanditengera nthawi chifukwa misozi inkaphimba galasi.

"Achimwene, fulumirani, jenereta aizimitsa tsopano lino," anatero Mayi Gondwe ali pakhomo. "Kapena mukulembera Harare yense?"

Ndinadina posungira. Kabokosi kanafunsa dzina. Kodi inu owerenga, munthu amene waika bambo ake m'manda sabata yomweyo angaganize dzina lina liti? Ndinalemba BAMBO. Funso lija linatuluka, mawu omwewo, pamalo omwewo, lopanda kusiyana kulikonse ndi masiku onse aja. Chala chinadina Y. Kanyali ka disiketi kanayaka pang'ono n'kuzima.

Sindinadziwe kanthu tsiku limenelo. Ndinasindikiza kalata n'kubwerera kumudzi. Patapita masiku anayi ndinapitanso, nditalimba mtima kuti ndisindikize gawo la mayi anga lokha. Ndinatsekula BAMBO. Pagalasi panabwera mizere khumi yonena kuti bambo anatisiya Lachiwiri. Ndinatsikira m'munsi, koma kunalibe m'munsi. Ndinatseka, ndinatsekulanso, ndinatulutsa disiketi n'kuipukuta ndi shati. Mayi Gondwe anayesa njira zonse zimene ankadziwa, kenaka anachotsa magalasi awo.

"Mwana wanga, chinthu ichi sichidziwa kuti bambo ndani. Dzina likafanana, chimangogoneka chatsopano pamwamba pa chakale, basi."

Mayi anga ankadziwa kuti pali mawu awo, chifukwa bambo anawanong'oneza asanatsirizike. Sadziwa kuwerenga, choncho ankadikira ine. Ndinawazemba sabata yonse. Tsiku lina ndinawapeza akusankha mbewu ya mbatata ya kachewere kuseri kwa nyumba, ndinakhala pansi n'kuulula. Sanamvetse za dzina ndi chilembo, koma anamva kuti mawu kulibe. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Nanga iwe, sunali pomwepo akuyankhula? Ingonena zimene unamva."

Ndinatsekula pakamwa, ndipo pamenepo ndinazindikira kulakwa kwanga kwachiwiri. Masiku onse aja ndinkathamangitsa mawu ndi dzanja, osawasunga mumtima, podalira kuti pepala ndi makina zindikumbukirira. Ndinakumbuka za manachesi, ndiponso zoti bambo ankasunga kansalu ka mayi m'bokosi lawo ku migodi. Za tsiku lathunthu, ndinatsala ndi ziwiri zokhazi. Mayi anamvetsera, nafunsa kuti, "Kansalu kotani?" Bambo anatchula mtundu wake, ndikudziwa kuti anatchula, koma ine ndinali nditauiwala.

Mayesero analipo oti ndingopeka, pakuti kulemba ndimatha. Sindinatero. Mayi anakhala ndi mwamuna wawo zaka zambiri, akanazindikira kuti si mawu a bambo.

Makina amenewa ayamba kufika m'maofesi ndi m'makoleji mwathu, ndipo ambiri mudzakhala patsogolo pake. Ndikukupemphani, chilichonse chamtengo wapatali chipatseni dzina lakelake, ndipo chisungeni pawiri. Funso likatuluka pagalasi, chotsani dzanja pa mabatani, muliwerenge ngati simunalionepo, makamaka pamene muli pa changu kapena pa chisoni. Kwa inu amene mudzaphunzire kukonza makinawa, ndikuti: kabokosi kosungira kazionetsa zimene zilimo kale. Kakanandiuza kuti masamba makumi atatu akuchoka kuti palowe mizere khumi, bwenzi nditaima. Funso limene munthu amaliona tsiku ndi tsiku pa zinthu zazing'ono silingamudzutse pa tsiku la chinthu chachikulu.

Koposa zonse, kholo likamayankhula, ikani cholembera pansi nthawi zina, mulipenye kumaso. Ine ndikapita ku tchuthi, mayi amandidikira nditadya, kenaka amafunsa motsitsa mawu ngati pali china chimene chabwerera m'mutu. Ndimafunafuna m'mutumo, iwo akundiyang'ana pakamwa.