Ndinatsuka ndodo ya achemwali ndi sopo

Inu owerenga, ine ndi amene ndinalepheretsa achemwali anga kupita ku mpikisano wa pulu wa dziko lonse, ndipo ndinachita zimenezi ndi mtima wabwino.

Ndili Fomu 3 pano pa Mzimba boma. Achemwali anaphunzira pulu, masewera omenya mipira ndi ndodo pa tebulo, pa golosale ina ku Edingeni, anthu akuwanena kuti mkazi wabwino sawerama pa tebulo pakati pa amuna. Sanaleke. Anagonjetsa onse a kumeneko mpaka pulu inasanduka ntchito yawo. Chaka chatha kunali mpikisano wa boma lonse, ndipo wopambana amayenera kupita ku Lilongwe.

Dzulo lake ndinaona ndodo yawo ili mbuu, kachikopa ka kunsonga kali bii ndi choko. Ndinawachitira manyazi. Ndinaitsuka ndi sopo, kachikopako ndinakakwecha mpaka kusalala, kenako ndinaipaka mafuta anga odzola kuti iwale. Sindinkadziwa kuti kachikopako amakasiya dala kokhakhala kuti kazigwira choko, ndipo choko ndicho chimathandiza ndodo kugwira mpira.

Pa tsiku la mpikisano, atangomenya koyamba, ndodo inaterereka, mpira woyera n'kungokwawa. Bambo amene ankasewera nawo anati, "Amama, mwiko mwausiya kuti?" Holo yonse inaseka. Achemwali ananunkhiza nsonga ija, n'kundiyang'ana kamodzi. Anatenga ndodo ya pamalopo, anaigubuduza pa tebulo kuti aone pamene yakhota, n'kuwerama.

Zimene ndinaona mpaka lero zimandizizwitsa. Mpira woyera unkawamvera ngati ng'ombe yodziwa mluzu wa mwini wake. Unkagunda khoma, kudutsa pakati pa mipira iwiri, kugwetsa wachitatu m'dzenje, n'kukaima pamene iwo anali atayang'ana kale. Bambo a mwiko aja sanapezenso mpata womenya. Pofika masana, amene ankaseka anali ataimirira pa mipando kuti aone bwino.

M'masewera omaliza panatsala mpira wakuda wokha, uli pakamwa pa dzenje. Pankafunika kumenya woyera cha m'munsi kuti ukagunda ubwerere. Ndodo yawo ikanatha, koma yobwerekayo inali yakutha kunsonga. Wakuda unalowa, woyera n'kuutsatira pang'onopang'ono mpaka nawonso unagwera m'dzenje. Pa pulu, kumeneko ndi kugonja.

Pobwerera ndinaulula ndikulira. Iwo anati, "Fungo la mafuta ako ndinalimva kale. Yawala chomene, mng'ono wanga. Koma uzifunsa."

Anzanga, chida cha munthu musachikonze musanamufunse. Chimene inu mukuona ngati litsiro mwina ndi pamene pagona ntchito yake. Achemwali anaikitsa kachikopa kena ndipo akukonzekera mpikisano wa chaka chino. Ndikukhulupirira kuti ku Lilongwe akafika. Amandilola kuwanyamulira ndodo, koma ili m'thumba lake, atamanga okha.