Akuti Malume Si Kholo

Mwana wa mlongo wanga wataya chaka chathunthu cha sukulu ku Halale chifukwa cha kalaliki mmodzi wa ku Lilongwe. Ndikulemba kuti amalume nonse mumve.

Mwanayo ndi Filimoni. Akuphunzira ntchito ya chipatala. Amene munakhalako ku Halale mukudziwa kuti munthu wakuda wa ku Nyasalande sakwera sitima kupita mzinda wina wopanda chitupa. Akakupeza, ukagona m'chitokosi. Tsono sukulu yawo inkatumiza ophunzira ku chipatala chachikulu ku Bulawayo. Eni dziko zitupa anali nazo. Filimoni, poti ndi mlendo ndiponso wamng'ono, anamuuza kuti womulera asayine pepala pamaso pa boma la kwawo.

Womulera ndine. Ndinapalasa njinga kuchokera ku Mitundu, mvula ili pamsana. Ndinafika ku ofesi ya boma ku Lilongwe asanatsegule. Kalaliki anandiitana dzuwa litapendeka, atatha kukukuta chimanga chootcha pa tebulo la ntchito.

Anafunsa ngati ndine bambo wa mwana. Ndinati ndine malume ake, mwini mbumba. Anandikankhira pepala osaliwerenga. Akuti pepala likufuna bambo.

Ndinamuuza kuti bamboyo anali mkamwini pamudzi pathu, ndipo tinamusudzula mwana ali kubere. Ndinamuuza kuti ng'ombe yolipirira sukulu inatuluka m'khola langa. Iye ankangosongola pensulo.

Kalaliki ameneyu si Mzungu. Ndi mwana wa ku Nathenje, amayi ake ndimawadziwa. Ndinamufunsa kuti pa ukwati wake nkhoswe anali ndani. Ndinamufunsa kuti kwawo mwana akadwala amathamangira kwa yani.

"Zimenezo ndi za kumudzi, madala. Pano ndi pa ofesi."

Madala. Ine.

Ndinapempha kuonana ndi bwana wake. Akuti bwana ali pa ulendo. Galimoto ya bwanayo inali pansi pa mtengo, ndikuiona ndi maso angawa. Kodi bwana anayamba liti kuyenda ulendo wapansi?

Ndinameza malovu, ndinapita kukafuna munthu amene ndinamuthamangitsa ndekha. Ndinafunsa mudzi ndi mudzi ngati wotaya mbuzi. Ndinamupeza kupitirira Malingunde, ali pa masese kwa mkazi wake wachitatu. Nditatchula za mwana, anafunsa ngati ndikunena wamkazi uja. Mlongo wanga sanaberekepo mwana wamkazi.

Anayamba kudzikoka. Akuti mtsinje wadzaza, tidikire. Madzi ataphwera, akuti sangaonekere ku boma ndi nsanza. Ndinavula jekete langa la ku tchalitchi, anavala. Akuti miyendo ikuphwanya. Ndinamukweza kumbuyo, ine ndi imvi zangazi, ndinamupalasa mpaka ku Lilongwe akuimba.

Ku ofesi kalaliki anamupatsa mpando. Ine anandiuza kuti ndiime panja, nkhani ndi ya makolo. Ndinaima pa zenera. Anamufunsa dzina la mwana, munthu uja anatembenukira ku zenera. Anamufunsa chaka chimene mwana anabadwa, anatembenukiranso ku zenera. Zonse ndinayankha ndine, kalaliki nkumalemba, osandiyang'ana. Kenaka anamugwira chala bwinobwino, kuchipaka inki, kudinda.

"Zikomo bambo, mwachita bwino kusamala maphunziro a mwana."

Jekete langa linapita naye.

Pepala linafika ku Halale sitima itapita kale. Filimoni walemba kuti anzake ali ku Bulawayo, iye akutchetcha udzu pa sukulu, adikire gulu la chaka chamawa. Mlongo wanga sakudya. Akandifunsa, ndimangoti boma.

Tsono ndikufunsa akuluakulu a ofesi imeneyo. Msonkho mumatenga kwa ine. Mwana wa mbumba yanga akapalamula, mesenjala wanu amagogoda kwa ine, safunsa za bambo. Nanga lafika pepala la sukulu, ndasanduka mlendo? Ngati pepala linalembedwa ndi anthu osadziwa Achewa, nanga Mchewa amene mwamukhazika pa tebulo ntchito yake ndi yotani? Ndikufuna yankho, ndipo kuwerenga ndimadziwa.

Amalume amene mukutumiza ana kunja, musanagulitse ng'ombe yambani mwafufuza kumene mkamwini wakale akumwera.

Chaka chamawa pepala lomwelo lidzafunikanso. Munthu uja wadziwa kale. Watumiza mawu kuti ulendo uno chala chake sichidinda popanda mbuzi.