Mwana Wanga Anati Yewo

Tinabwera ku Mzuzu kuchokera kummwera potsatira ntchito ya bambo a ana anga. Mwana wanga wachiwiri anabadwira ku Chibavi, ndipo Chitumbuka amachilankhula kuposa ine. Ndine ndinamuphunzitsa kuti wamkulu akakulankhula, ngakhale akukukalipira, uziyankha kuti yewo. Kuno mawu amenewa ndi zikomo, ndi ulemu, ndiponso kungonena kuti ndamva.

Nthawi imeneyo yunivesite inali ikukula, anthu akumanga tizipinda ta lendi paliponse, mpaka kudambo. Mwanayo atasankhidwa ndinavina m'tchalitchi ngati kamtsikana. Ankagona ndi anzake m'kachipinda kena ku Chiputula.

Tsiku lina m'nyengo yozizira, kukuwaza kamvula, mnzake anandipeza pamsika ndikupanga milu ya tomato. Anati, "Amama, amugwira." Apolisi anali ataimitsa anyamata pamsewu, ndipo m'thumba la jekete yomwe mwana wanga anavala anapezamo kachamba kokulunga m'pepala, kochepa kuposa chala changa.

Ndinamupeza m'chitokosi, milomo itauma.

"Jeketeyo si yanga, amama. Ndinangoitenga pa msomali chifukwa cha mphepo."

"Nanga wawauza?"

"Bwanayo amalankhula, ine ndimangoti yewo."

Wapolisiyo anali wachilendo kuno, wakwathu kummwera. Anati kwa mwanayo, "Ichi ndi chamba, chapezeka ndi iwe." Mwana anati yewo, ndipo iye analemba kuti wavomera mlandu.

Atatuluka pa belo, aliyense anabwera ndi nzeru zake. Mayi wogulitsa usipa pafupi nane anati, "Asisi, musachedwe, kapatseni bwanayo ya fanta, pepala lisowe." Ndinakana. Ndikanakagwada bwanji Lamlungu? Mlamu wanga anati mwanayo athawire kumudzi mpaka ziiwalike. Koma akathawa, sukulu yathera pomwepo. Mkulu wa mpingo, amene kale ankagwira ntchito kukhoti, anandikhazika pakhonde pake.

"Mayi, akavomera n'kupempha chifundo, poti ndi koyamba, mwina angomuchenjeza. Koma dzina lidzalembedwa, ndipo kusukulu akamva akhoza kumuchotsa. Akakana, boma liyenera kuonetsa kuti ndi chambadi, komanso kuti iye ankadziwa kuti chili m'thumba. Umboni ukachepa, mlandu amauchotsa. Ukakwana, chifundo chija chimavuta."

Anatilozera kwa maloya a boma othandiza osauka. Mulungu awadalitse bambo amenewo.

Loya wake anali mtsikana wa konkuno, woonda, wosaseka. Anamufunsa mwanayo kuti anayankha chiyani kwenikweni. Atamva anaika cholembera pansi.

"Yewo basi? Iwe, ulemu wako ukumangitsa. Kukhoti usakatchule mawu amenewo. Ukati ndikukana."

Masabata amenewo ndinkasala kudya. Galimoto ikaima pamsewu wathu, ndinkathamangira pawindo kukasuzumira. Mwanayo ankapitabe kukalasi, koma mwini jekete, mmodzi mwa anzake a m'kachipinda kaja, anali atasamuka osatsanzika, ndipo palibe ankadziwa kumene analowera.

Kukhoti kunkazizira chomene. Atawerenga mlandu, ndinaona milomo ya mwana wanga ikuyamba kupanga mawu aja, ine n'kutseka maso. Koma anati, "Ndikukana."

Loya anafunsa wapolisi uja mawu enieni amene anamva. Iye anati, "Anati yewo." Anthu kumbuyo anaseka chapansipansi. Woweruza sanaseke. Anafunsa kuti, "Mukagula nthochi pamsika, mayi akati yewo, ndiye kuti wavomera mlandu wanji?"

Mlandu unaimitsidwa. Titabwereranso, zotsatira za kupima chambacho zinali zisanafike, ndipo woimira boma anaimirira n'kunena kuti akuuchotsa mlanduwo. Ndinagwada pakhomo pomwepo kuthokoza Ambuye. Loya anandidzutsa n'kundinong'oneza kuti, "Amama, kuchotsa si kutha. Akapeza umboni akhoza kuudzutsanso."

Mwanayo anabwerera kusukulu, dzina lake lili loyera. Ndinamugulira jekete yake pa kaunjika, ndipo ndisanamupatse ndinapisa m'matumba onse.

Chinthu chimodzi ndinkachiopa kufunsa. Tsiku lina akundithandiza kusenza dengu, ndinalimba mtima.

"Mwana wanga, fodya wamkulu uja usadzamuyandikire. Sunkadziwa kuti ali m'thumba muja, eti?"

Anayang'ana pansi, kamvula kakumunyowetsa pamapewa.

"Yewo, amama," anatero.