Chingelezi Changa Chinachotsetsa Munthu Ntchito

Ntchito ya pa boda ya Mchinji ndinaipeza chifukwa cha pakamwa. Malume anga, ogulitsa matayala pa Kamwendo, anauza mnzawo kuti mwana wa mlongo wawo wa ku Ludzi Chingelezi amachita kumwa ngati thobwa. Mnzawoyo anali a Mbewe, mwini kaofesi kokonzera madalaivala a mathiraki mapepala a kasitomu. Anandilemba osafunsa n'komwe satifiketi.

Ntchito yanga inali kulandira mapepala a katundu, invoisi ndi manifesiti, kwa dalaivala, kulowetsa zonse mu kompyuta, kenako kutuluka kukaona ngati nambala ya siilo ikufanana ndi ya papepala. Siilo ndi kachitsulo kamene amakhomera pachitseko cha kontena. Kameneko sudula wekha, amadula pamaso pa ofisala wa kasitomu basi.

Tsiku loyamba ndinagwira pakamwa. A Mbewe, bambo wa tayi, ankakuwira dalaivala kuti, "You, paper finish, truck go!" Kwa wina ankati, "Today no. Tomorrow come." Abale inu! Ine amene chimangirizo changa aphunzitsi ankachiwerenga pamaso pa kalasi yonse, ndinkachita manyazi m'malo mwawo. A ku Tanzania, a ku Congo, onse ankayankha chothyokathyoka chomwecho, mathiraki n'kumadutsa. Mumtima ndinati anthu awa ndiwaonetsa Chingelezi chenicheni.

Mwezi wachiwiri kunabwera Momade, dalaivala wa ku Nacala, wa imvi za m'mbali, atanyamula kontena yopita ku Zambia. Chichewa sankachidziwa. A kasitomu anasankha kontena yake kuti aione m'kati. A Mbewe anali atapita ku boma, ndiye kumufotokozera kunagwera ine.

Ndinakhala bwino pampando n'kuyamba: "Kindly be advised that the seal is to remain intact until such time as the officer avails himself." Ndinapitiriza, mawu aataliatali, kumuuza kuti asakhudze siilo mpaka ofisala afike. Momade chipewa chili m'manja, ankangogwedeza mutu. "Yes madam. Yes, yes." Ndinamufunsa ngati wamvetsa. "Yes madam." Mtima wanga unachita kuti myaa.

Sipanathe theka la ola, ndinamva phokoso panja. Nditatuluka ndinapeza zitseko za kontena zili yasa, siilo ili pansi zidutswa ziwiri, Momade ataima pambali ndi chodulira zitsulo, akumwetulira. Pa zonse ndinanena zija iye anatolapo zoti ofisala akubwera kudzaona katundu, ndiye anati amuchepetsere ntchito.

Thiraki a kasitomu anaigwira pomwepo. Katundu anamutsitsa yense kuti aone ngati palibe chachotsedwa. A Mbewe atabwera sanandikalipire, ndipo bola akanakalipa. Anangofunsa kuti, "Mwanawe, unamuuza chiyani?" Ndinabwereza. Anapukusa mutu.

"Iweyo bwana akakulankhula zimene sukumva, umati chiyani?"

Yankho ndinkalidziwa. Ifenso kwathu munthu wa mu ofesi sitimuuza kuti sitinamve. Timavomera, ndiwo ulemu.

"Ukanamugwira dzanja, kupita naye pa siilo, n'kunena kuti 'This one, no touch.' Basi."

Masiku asanu a Mbewe anayenda ofesi ndi ofesi, kuimbira eni thiraki, kuwauza kuti wolakwa ndi ife. Ine ndinalemba kalata yovomera kulakwa, yachidule kuposa zonse ndinalembapo. Kontena inamasulidwa, koma eni thiraki anatumiza dalaivala wina. Momade, wa ana asanu, anamuchotsa ntchito pafoni.

Papita zaka, ndidakali pa boda pomwepa. Dalaivala akati "yes" sindimukhulupirira. Ndimadzuka pampando, kupita naye pa thiraki, andionetse ndi manja zimene akachite. Atsikana atsopano amaseka Chingelezi changa cha masiku ano, ndimangowasiya.

Chimene sichindichoka ndi m'mawa umene Momade ankapita kukakwera minibasi. Anadutsira ku ofesi, chikwama paphewa. Ndinaimirira kuti mwina anditukwane, ndipepukidwe. Iye anavula chipewa, kundigwira dzanja ndi manja awiri.

"Madam," anatero, "you English very good. Me no school."

Anapita akudziona kuti wolakwa ndi iye.