Bambo Elifala Nowa ndi botolo la asidi

Abusa andipempha kuti ndilembe mbiri ya malemu Bambo Elifala Nowa m'kalata ya mpingo, ati ndilembe zokoma zokhazokha. Kulemba ndavomera, koma zokoma zokhazokha ndakana. Ndakwiya, abale, ndipo ine ndemwe ndili m'gulu la amene ndawakwiyira.

Bambo Nowa adabadwa mu 1932 m'mapiri a Ntchisi. Sukulu adalekezera panjira bambo awo atamwalira, poti panalibe wina wolima fodya. Adabatizidwa ali mnyamata, adakwatira Mayi Faines, ndipo mu 1968 adalembedwa ntchito yotsuka mabotolo m'chipinda cha sayansi pa sekondale ina kuno ku Dowa. Aphunzitsi ankabwera n'kumapita, iwo ali pomwepo, mpaka ntchito yosakaniza mankhwala a ana idakhala yawo.

Panali phunziro limodzi limene ankalikonda. Mumatenga kachitsulo kopyapyala kotchedwa magineziyamu n'kukaponya mu asidi. Asidi akakhala wamphamvu, kamachita thovu n'kusungunuka msangamsanga. Mukathiramo madzi kamachedwa, ndipo madzi akachuluka kamangoti phee pansi. Wotchi ya sukulu idafa kalekale, choncho Bambo Nowa ankayesa nthawi poimba nyimbo ya m'tchalitchi chapansipansi. Asidi wa m'botolo lalikulu ankadya kachitsuloko ndime yoyamba isanathe. Wosakaniza theka ndi theka ankafika m'ndime yachiwiri. Ana ankaseka, iwo n'kumati, "Sekani, koma asidi sanama. Amanama ndi wosakaniza."

Mu 1995, matipate ili mkamwamkamwa, kudabwera mphunzitsi wamkulu watsopano, a Rodrick Bryson. Anali odziwa kuyankhula, moti chaka chisanathe tidawasankha kukhala mkulu wa mpingo. Kutatsala sabata kuti a Fomu 4 alembe mayeso a sayansi ochita ndi manja, Bambo Nowa adayesa asidi wa m'botolo lalikulu. Adaimba ndime zonse zinayi, adayambiranso, kachitsulo kali pomwepo. Adapita ku ofesi.

"Aphunzitsi, asidi uja wina wamuthira madzi. Ana sakapeza kanthu pa mayeso. Tumizani munthu ku Lilongwe akagule wina nthawi ikadalipo."

"Madala, sayansi si kwaya," adatero a Bryson. "Kiyi wa chipindacho amasunga ndani?"

"Inu ndi ine."

"Ndiye wakubayo ndine?"

"Sindinatchule munthu, aphunzitsi. Ndatchula botolo."

Ku Lilongwe sikudapite munthu. Tsiku la mayeso, ana makumi atatu ndi asanu ndi atatu adakhala akuyang'ana tizitsulo tosasungunuka mpaka belu lidalira. Debora, mtsikana amene ankafuna za unamwino, adatuluka akulira. A Bryson adauza makolo kuti nkhalambayo idasakaniza molakwa, ndipo Bambo Nowa adachotsedwa ntchito.

Zikadathera pomwepo ndikadangokwiyira munthu mmodzi. Koma a Bryson adabweretsa nkhaniyi ku bwalo la mpingo, ati Bambo Nowa adanamizira mkulu wa mpingo. Tonse tinkamudziwa Elifala. Zaka makumi atatu sadasowetsepo ngakhale kapu ya tchalitchi. Koma a Bryson anali atalonjeza malata a denga lathu, ndipo ife tidayang'ana denga. Tidawaimitsa kudya Mgonero. Mlembi wa bwalo ndinali ine, ndipo kalata yowaimitsayo ndidalemba ndi dzanja langali, mawu osankha bwino, opanda cholakwa ngakhale chimodzi.

Zaka zinayi adakhala pa benchi yakumbuyo. Tebulo la Ambuye likayalidwa ankatuluka mwakachetechete, Loweruka n'kubweranso kudzasesa tchalitchi chomwecho. Mayi Faines atawauza kuti asamukire ku mpingo wina, adayankha kuti, "Wandithamangitsa ndi munthu, mayi. Mwini nyumba sananene kanthu."

Chaka chino, 1999, a Solomoni, okhoma zidebe pa Chezi, adalowa kalasi ya ubatizo n'kuulula okha kuti asidi womatira zidebe ankagula kwa a Bryson, m'mabotolo a zakumwa. Apo n'kuti a Bryson atasamuka kale, malata osaoneka ngakhale limodzi.

Lachisanu m'mawa tidapita ndi abusa kwa Bambo Nowa titanyamula Mgonero ndi kalata yowabwezera. Tidawapeza ali gone pamphasa, chifuwa chitawafooketsa. Ndidagwada n'kuwerenga kalatayo. Adalandira mkate ndi chikho nkhope ili yowala, ndipo adandigwira dzanja.

"Zikomo, a mlembi, ine ndidakhululuka kale. Nanga ana aja? Iwonso mwawalembera kalata?"

Tidangotsanzika n'kutuluka. Adamwalira Loweruka masana, mwamtendere, Mayi Faines akuwapukuta nkhope.

Chitsanzo atisiyira n'chakuti adanena zoona nthawi ikadalipo, ife n'kuzimva patatha zaka zinayi. Mukamadutsa pa Chezi, yang'anani mzere wa ogulitsa tomato. Wachitatu kuchokera kumsewu, wa mwana kumbuyo, ndi Debora. Ndamudutsa kawiri mwezi uno, ndipo sindinaimebe.