Tsiku Limene aNyaGondwe Ananyambita Sileti Yanga

Fungo la mafuta otentha likandipeza pa depoti m'mawa wa chisanu, ndimaona aNyaGondwe atakhala pa kampando kawo kopendekeka, utsi wa nkhuni zaziwisi ukuwaliza diso limodzi, linalo lili pa ine. Anali a nyumba yoyandikana nafe ku Katoto, mayi wamasiye wokazinga zitumbuwa, amene sanapondepo m'kalasi chibadwire. Mzuzu wa nthawi imeneyo unali ndi mitengo yambiri kuposa anthu, ndipo mawawa ankagwa ngati alibe kwawo.

Ine ndinali ndi matenda. M'mimba munkandipota kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu belu la sukulu likangolira, n'kupola mokha dzuwa likakwera. Amayi ankandifunditsa bulangeti n'kundipatsa tiyi wa masupuni atatu a shuga. Abambo atatopa nazo anagamula: "Ukajombanso, ukupita kumudzi ukawete ng'ombe za asekuru ako." Ine ng'ombe ndinkaziopa kuposa masamu.

Tsiku lomwelo aNyaGondwe anaitana amayi n'kuwaonetsa khoma la khitchini yawo, lodzaza ndi mizere ya makala. Ine ndinkamvera kuseri kwa mpanda.

"Amama, mzere uliwonse ndi tsiku limene mwana wanu wadwala. Loweruka palibe. Lamulungu palibe. Matenda odziwa kalendala awa! Kodi akadwala mumampatsa chiyani?"

"Tiyi."

"Wa shuga?"

"Eya."

"Yewo chomene. Nanenso mawa ndidwala."

Tiyi wa odwala anathera pompo. M'malo mwake aNyaGondwe anandiuza kuti ndikabwera ndi sileti yochongedwa ndi aphunzitsi, chitumbuwa n'changa, chotentha, ndisanavule n'komwe yunifolomu. Masiku awiri ndinapita. Tsiku lachitatu nzeru zinandibwerera. Kumusi kwathu kunali banja lochokera ku Nkhata Bay limene linkayanika chinangwa cha kondowole pa mphasa, choyera mbuu ngati choko. Ndinabako kachidutswa, n'kukabisala m'mabulugamu, n'kudzilembera masamu asanu ophweka. Onse ndinadzichonga ndekha, michongo yaitali ngati mchira wa tambala.

ANyaGondwe anaigwira sileti mozondoka, poti kuwerenga sankadziwa.

"Onse asanu wakhoza? Iweyo?"

"Eya, amama."

Anainunkhiza. Kenako, pamaso pa ana onse a mumzere wathu, anatulutsa lilime n'kunyambita mchongo waukuluwo.

"Choko cha masiku ano chikukoma," anatero. "Changosowa usipa."

Ndinatsinzina kudikira mkwapulo, m'makutu ndikumva kale ng'ombe zikulira. Mkwapulo sunabwere. Anangotembenukira ku chiwaya, n'kutenga chitumbuwa changa, chachikulu chija ndinachiyang'anitsitsa, n'kupatsa Tiyezge, kamtsikana ka kuseri, kamene kanakhoza samu imodzi yokha koma ya choko chenicheni. Kanadya pang'onopang'ono, kakundiyang'ana. Mpaka lero sindinakakhululukire.

"Musakawauze adada," ndinapempha.

"Ndikawauza upindulanji? Kwa ng'ombe kulibe chiwaya. Mawa ubwere ndi choko chosakoma."

Ndinabwera nacho. Patapita milungu anayamba kundinyenga: lero chitumbuwa, mawa "wachita bwino" basi, kenako masiku atatu osalandira kanthu. Ndinkapitabe, poti sindinkadziwa tsiku la mwayi. Ndinazindikira ndili Sitandade sikisi, ndikudziwa kuwerenga, ng'ombe zikuwetedwa ndi ena. Pamenepo mpamene sukulu yanga inathera, koma imeneyo ndi nkhani ya njinga ndi atsikana.

Chandikumbutsa zonsezi ndi mdzukulu wanga Lusungu, amene ali ku yunivesite. Nditamufunsa chimene akuphunzira, anati kusanthula khalidwe la anthu.

"Miseche?" ndinatero. "Imeneyo ku msika amaphunzitsa ulere."

"Ayi, asekuru. Timayang'ana chimene chimachitika munthu asanachite kanthu, chimene wachitacho, ndi chimene amapeza akachita. Timalemba tsiku ndi tsiku. Ukasintha chimene amapezacho, khalidwe limasintha."

"Ndiye zaka zinayi zonsezo udzadya chiyani?"

Anati ntchito zilipo: kuthandiza ana amene kulankhula ndi kuphunzira kumawavuta, kulangiza aphunzitsi ndi makolo, kugwira m'zipatala ndi anthu ofuna kusiya mowa, ngakhale m'makampani mmene antchito amaiwala zipewa zodzitetezera. Ena amapitiriza maphunziro n'kumaphunzitsa anzawo.

"Nanga kunyambita sileti mumaphunzira chaka chanji?"

Anandiyang'ana ngati ndayamba kusokonekera.

Koma mwanayu musamuone kufatsa. Ine mapiritsi a BP ndinkawabisa pansi pa lilime n'kukawalavulira m'maluwa. Chibwerereni kuno kudzapuma holide, tiyi wanga ndi bansi zimafika pokhapokha ndameza, ndatsegula pakamwa, iye wasuzumira. Kuseri kwa chitseko ndapezako kapepala ka mizeremizere. Akuganiza kuti sindikudziwa.

Ndikudziwa, mwana wa mwana wanga. Ndinadutsamo kale, kwa profesa amene ankagwira sileti mozondoka. Ndikumezabe, poti dzulo pa mbale panabwera chitumbuwa, ndipo sindikudziwa tsiku limene chidzabwerenso.