Makumba Amene Ndinathawitsira ku Dziwe la a Saidi

Mpaka lero ndikamva fungo la gaga wonyowa ndimaona maiwe awiri aja m'dambo la kwathu ku Mwadzama, nkhungu ili phaa pamwamba pa madzi. Lakumtunda linali la bambo anga, lakumunsi la mnzawo wa ponda apa nane mpondepo, a Saidi. Anakumba limodzi maiwewo, asodzi akuwaseka kuti anthu obadwira pa nyanja ayamba kuweta nsomba ngati nkhuku. Bambo ankaweta makumba okhaokha, a Saidi chilunguni chokhachokha. Lachisanu a Saidi akapita ku mzikiti, bambo ankadyetsa maiwe onse awiri, Lamulungu a Saidi n'kubwezera. Ine ndinali mtsikana wa zaka khumi, ndipo ntchito yanga inali kuwaza gaga ndi masamba a chinangwa ndisanapite kukasewera phada.

Chaka chimenecho chisanu chinali cha nkhanza, mwera ukuwomba osapumira. Tsiku lina m'mawa ndinapeza makumba athu akuzungulira pamwamba ngati oledzera, ena ali gada, zilonda zofiira m'nthiti. Mayo ine! Bambo anali atapita ku boma, amayi atatengedwa pa lole kukavina ku msonkhano wa chipani, kumene munthu sankakana. Ndiye ndinaganiza ngati mwana wa m'mudzi. Kwathu chitopa chikagwa, nkhuku zooneka zamphamvu tinkazithawitsira kwa achibale kuti mbewu isathe. Ndinatenga dengu ndi ndowa, ndinalowa m'madzi ozizirawo mpaka m'chiuno, n'kusankha makumba onse amene ankasambira bwino. Ndinayenda maulendo asanu kukawathira m'dziwe la a Saidi, mano akugundana, mtima uli mbee kuti ndapulumutsa chuma cha bambo. Ndinafuna kudzawauza zoopsa zitatha kuti anditame. Akuluakulu ankati safunsa anadya phula, koma ine mwambiwo ndinkauyesa wa ana opusa.

Sipanathe sabata, chilunguni cha a Saidi chinayamba kuyandama. Dambo lonse linanunkha chivundi, ntchentche zili ng'waa, akhwangwala akukhuta. A Saidi akuvuula nsomba zakufazo anapezamo makumba, nsomba imene iwo sanaikemo. Anabwera nayo kunyumba kwathu atainyamula kumchira, n'kunena kuti, "Achimwene, zanu zitafa munaona kuti zanga zisatsale?" Bambo analumbira pali Mulungu kuti sakudziwa kanthu. Ine ndinali pomwepo ndikusenda chinangwa cha kondowole, ndipo ndinangoweramitsa mutu. Ndinkaopa chikwapu, ndisaname. Chikwapu chabe, cha tsiku limodzi!

Kuyambira pamenepo amuna awiriwo sanapatsanenso moni. Mbale ya mpunga imene inkabwera kwathu Ramadani ikatha inaleka kubwera. Ana a a Saidi analetsedwa kusewera nane, amayi anga ndi akazi a a Saidi ankasemphana dala nthawi yopita ku chitsime. Maiwe aja anamera bango. Tsiku lililonse ndinkati ndinena mawa, koma bodza la kukhala chete limakula msanga kuposa mwana, ndipo chaka chitatha ndinkachita manyazi ngakhale kuliganizira.

Ndili mayi wa ana atatu ndi pamene mlangizi wa za nsomba anandifotokozera kuti tizilombo ta matenda otere, timene ena amati mavayirasi, timabisala ngakhale m'nsomba yooneka yamphamvu. Thupi lake limalimbana nato, iyo n'kupulumuka, koma imapatsira zinzake zimene matupi awo sanakumanepo nato, makamaka m'chisanu pamene nsomba zafooka. Ndowa yokhayo, anatero, ikanatha kupha dziwe lonse. Kusadziwako ndinadzikhululukira kalekale, pakuti ndinachita zimene mudzi wonse unkachita ndi nkhuku. Chimene chimandiwawa ndi pakamwa panga.

Ndinaulula bambo atakalamba, maso atachita khungu. Tinali pakhonde, ine ndikuwameta. Osakwiya, osalira, anati, "Mwanawe, ukuuza ine? Ine ndinkadziwa kale kuti sindinalakwe. Woyenera kumva anali a Saidi." Pamenepo n'kuti a Saidi atagona m'manda zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo bambo sanapite ku maliro awo.